Kuona kampata kobisika pakati pa maselo a ubongo

Maselo ambiri a ubongo sagundana akamapatsirana uthenga. Pakati pawo pamakhala kampata ka mananomita pafupifupi 20, pomwe milimita imodzi ili ndi mananomita 1,000,000. Malo okumanira maselowa amatchedwa synapse, ndipo kuphunzira, kukumbukira ndi kuyendetsa ziwalo kumadalira zochitika pamenepo.

Kwa zaka zambiri kampataka sikankaoneka. Mu 1873, Ernst Abbe wa ku Germany anasonyeza kuti maikulosikopu yogwiritsa ntchito kuwala singasiyanitse zinthu ziwiri zotalikirana mananomita osakwana 200. M'zaka za m'ma 1950, pogwiritsa ntchito maikulosikopu ya maelekitironi, Sanford Palay, George Palade ndi Eduardo De Robertis anaona synapse bwinobwino, kuphatikizapo timatumba ta mananomita pafupifupi 40 tosunga mankhwala onyamula uthenga. Izi zinatsimikizira ganizo la Santiago Ramón y Cajal lakuti selo lililonse ndi loima palokha. Koma chipangizochi chimangoona maselo akufa, ndipo sichisiyanitsa mapuloteni mosavuta.

Vutoli linachepa akatswiri atapeza njira zozembera malire a Abbe. Mapuloteni amayamba aikidwa utoto wonyezimira. M'njira ya STED, yomwe Stefan Hell anafotokoza mu 1994, laser imodzi imayatsa utotowo pamene ina imazimitsa wa m'mbali, n'kutsala kadontho kakang'ono kowala. M'njira za PALM ndi STORM, za mu 2006, mamolekyu a utotowo amayaka ochepaochepa mosinthana, kenaka kompyuta imalumikiza zithunzi zikwizikwi kukhala chimodzi. Hell, Eric Betzig ndi William Moerner analandira mphoto ya Nobel mu 2014 chifukwa cha ntchitoyi. Mu 2015, gulu la Edward Boyden ku MIT linatulukira njira ina: kufufumitsa kachidutswa ka ubongo kuposa kanayi ndi mankhwala omwa madzi onga a m'matewera a ana.

Njira zoterezi zaulula dongosolo lodabwitsa. Mu 2016, gulu la Thomas Blanpied ku University of Maryland linapeza kuti mapuloteni otulutsa uthenga amaunjikana moyang'anizana ndi olandira uthenga kutsidya kwa kampata. Choncho mphamvu ya synapse imadalira kuchuluka kwa mapuloteni komanso malo amene akhala.

Kafukufukuyu ndi wofunika chifukwa matenda monga khunyu ndi Alzheimer amakhudza ma synapse. Pa matenda a Alzheimer, kuiwala kumakula pamene ma synapse akuwonongeka.