Mtsogoleri Wosapereka Mayankho

Pa tchuthi chapitachi ndinacheza ndi achimwene anga amene ali m'chaka chachitatu pa sukulu ina ya ukachenjede, kumene akuphunzira za uinjiniya. Anandiululira kuti chaka chawo choyamba chidali cha misozi. Munthu amene ku sekondale masamu ankangowamwa ngati madzi adapezeka atalephera mayeso oyamba a calculus. Chifukwa cha manyazi ankadzitsekera m'chipinda ndi mabuku, osauza munthu. Pajatu pa sukulu zoterezi ukalephera kwambiri amakuchotsa, ndipo ndalama zimene makolo adakhetsera thukuta zimalowa m'madzi. Chimene chidawapulumutsa ndi kagulu kophunzirira pamodzi kotsogoleredwa ndi wophunzira mnzawo wa chaka chachiwiri. Lero iwonso akutsogolera kagulu kotere. Ndaganiza zokufotokozerani, owerenga okondedwa, m'mene njira imeneyi imayendera.

Njirayi idayamba m'chaka cha 1973 pa University of Missouri-Kansas City ku America, ndipo dzina lake ndi Supplemental Instruction, mwachidule SI. Adaiyambitsa ndi mayi wina, Dr Deanna Martin, ataona kuti ophunzira ambiri a za udokotala, za mano ndi za mankhwala akusiyira sukulu panjira. Kenaka idafalikira m'maiko ena. Mu 1994 idafika pa Lund University ku Sweden, kumene yazika mizu pakati pa ophunzira za uinjiniya. Ku Britain, monga pa University of Manchester, amaitcha PASS. Ku South Africa idayamba m'zaka za m'ma 1990 pa sukulu imene lero ikutchedwa Nelson Mandela University.

Choyamba chimene chinandidabwitsa n'chakuti njirayi siyang'ana wophunzira wofooka ayi, imayang'ana phunziro lovuta. Akuluakulu a sukulu amasankha maphunziro amene chaka ndi chaka ophunzira pafupifupi 30 mwa 100 alionse amawalephera, kuwakhoza movutikira kapena kuwasiya. Kwa ofuna uinjiniya kawirikawiri amakhala masamu ndi fizikisi a chaka choyamba. Aliyense wotenga phunzirolo ndi woitanidwa, wanzeru ndi wovutika yemwe, ndipo palibe wokakamizidwa. Motero munthu salowa m'kaguluko mozemba ngati wopita kukalandira chilango.

Nanga mtsogoleri amakhala yani? Amakhala wophunzira amene adakhoza bwino phunzirolo kale. Asanayambe ntchito amaphunzitsidwa kayendetsedwe ka gulu. M'sukulu zambiri amalowanso m'kalasi pamodzi ndi a chaka choyamba kuti adziwe zimene aphunzitsi anena. Kamodzi kapena kawiri pa sabata amakumana ndi kagulu kake kwa ola limodzi kapena kupitirirapo. Sachonga mayeso, sapereka malikisi, choncho anzake amamasuka kuonetsa pamene sakudziwa.

Koma pali lamulo lina limene ine sindinalimvetse msanga: mtsogoleri sabwereza zimene aphunzitsi aphunzitsa, ndiponso sapereka mayankho.

"Achimwene," ndinatero, "ndiye mumawathandiza bwanji ngati yankho mukulidziwa koma mukulibisa?"

Iwo anaseka n'kutola kamtengo, najambula pansi thabwa logona pa nsanamira ziwiri. "Tiye mphwanga, tisawerengere kulemera kwa thabwali. Ndaika thumba la simenti la makilogalamu 50 pakati penipeni. Nsanamira iliyonse yasenza zingati?"

"25," ndinayankha mwamsanga.

"Tsono thabwali ndi la mamita 4, ndipo thumba ndalisuntha, lili mita imodzi kuchokera ku nsanamira ya kumanzere. Bwanji tsopano?"

Ndinati zikadali 25. Iwo sananene kuti ndalakwa. Anangondifunsa kuti anthu awiri akanyamula mtolo wopachikidwa pa mtengo, amalira msanga ndani. Ndinakumbukira tsiku lina tikunyamula mgolo wa madzi ndi mnzanga: woyandikana ndi katundu ndiye amamva kuwawa pa phewa. Anandisiya ndikulimbana nazo kwa mphindi zingapo ali chete, mpaka ndinapeza kuti nsanamira yapafupi yasenza makilogalamu 37.5 ndipo yakutali 12.5. Yankho limenelo sindidzaliiwala chifukwa ndidalipeza ndekha.

Umu ndi m'mene mtsogoleri amachitira. Wina akafunsa funso, iye amalibwezera ku gulu. Akafunsa yekha amadikira, sathamangira kudzaza chete ndi mawu ake. Wina akati wamva, amamupatsa choko kuti akafotokozere anzake pa bolodi. Chifukwa chake n'chosavuta kuchiona: pa tsiku la mayeso mtsogoleri sadzakhalapo, ndipo pa tsiku loyesa mphamvu ya mlatho weniweni kulibe buku lokhala ndi mayankho kumapeto.

Mtsogoleri nayenso amapindula. Achimwene akuti masamu a chaka choyamba adawamvetsa bwino atayamba kuwakonzekera chifukwa cha ena. Aphunziranso kusunga nthawi, kuletsa wolongolola mosamukhumudwitsa, kukoka wamanyazi kuti alankhule, ndi kuvomera poyera kuti "ichi sindikuchidziwa, tiyeni tikafunse aphunzitsi." Zimenezi ndi zofunika kwa injiniya, chifukwa msewu, damu kapena nyumba yosanja sizimangidwa ndi munthu mmodzi. Mutu umodzi susenza denga.

Si tonse pano amene tidzakhale mainjiniya, koma tonse tili ndi nthawi yowerenga madzulo, ndipo tonse tili ndi phunziro lotizunguza mutu. Inu a Fomu 3 ndi 4, mwana wa Fomu 1 akabwera ndi samu yomuvuta, musamulembere yankho kuti achoke msanga. Mufunseni pamene wafika ndi pamene wasokonekera. Inu ang'onoang'ono, musabise vuto, paja safunsa adadya phula. Ndipo inu makolo athu, mwana wanu akapita ku sukulu ya ukachenjede musangomufunsa kuti akukhoza bwanji. Mufunseninso kuti akuwerenga ndi yani.