Amisiri a sola ndi kanyale kolembedwa NET

Foni inalira tili m'minibasi, ndipo mawu a mayi amene ankaimbawo ndinkawamva bwinobwino ngakhale foniyo inali kukhutu kwa mnzanga. "Amisiri, sola yanu ija yafa. Mubwere lero lomwe." Mnzangayo amaika magetsi a sola m'nyumba za anthu mu Lilongwe, ndipo tsiku limenelo ndinamupempha kuti ndiyende naye, ndione ndi maso mmene ntchito yake imakhalira. Sanatekeseke. "Pepani kwambiri mayi. Kodi panopa mababu akuyaka? Nanga filiji ikulira?" Zonse zinali bwino. Magetsi a ESCOM anali atathima m'mawa, koma m'nyumbamo munalibe chimene chinazima. Vuto linali pafoni ya mwana wawo amene ali ku Britain, yemwe anatumiza ndalama zogulira makinawo ndipo amayang'ana tsiku ndi tsiku kuti batire ladzaza bwanji. Kwa masiku atatu foni yake inkangolemba liwu limodzi: offline.

Mafoni otere ndi amene achuluka pa ntchitoyi. Zaka 15 zapitazo mmisiri wa sola ankafunika kudziwa kulozetsa panelo kumpoto kumene dzuwa lathu limapendekera, kusiyanitsa waya wofiira ndi wakuda, ndi kukumbutsa mwini nyumba kuti azithira madzi m'batire la asidi. Ntchito inkathera kudenga ndi kukhoma. Lero imapitirira mpaka m'thumba la munthu amene mwina ali kutsidya kwa nyanja.

Chimene chinakuza ntchitoyi aliyense amene wakhala m'tauni akuchikumbukira. Magetsi ambiri a dziko lino amachokera pa mtsinje umodzi, Shire, pa Nkula, Tedzani ndi Kapichira. Namondwe wa Ana atagumula damu la Kapichira mu Januwale 2022, mamegawati pafupifupi 130 anachoka nthawi imodzi, pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu a magetsi ochokera kumadzi, ndipo makinawo sanalirenso mpaka 2023. Osoka, ometa, a masukulu, a zipatala zing'onozing'ono ndi mabanja amene anali ndi kangachepe anasiya kudikira. Anagula inveta zimene zimalandira magetsi a sola, a ESCOM ndi a m'batire n'kumasankha zokha kuti nyumba idye ati. Mayina monga Deye, Sunsynk, Growatt ndi Victron anayamba kumveka m'mashopu a zamagetsi, ndipo batire la lithium linayamba kulanda malo a la asidi. Makina amenewa ali ndi kakompyuta m'kati mwake, ndipo amafuna kulankhula: ndi batire, ndi rauta ya m'nyumba, ndi kompyuta yaikulu ya kampani imene ili kunja kwa dziko.

Amene amawaika ndi anthu osiyanasiyana. Ena anaphunzira za magetsi m'masukulu a ntchito zamanja monga Soche, Nasawa, Namitete ndi Lilongwe Technical College, pansi pa dongosolo la TEVETA. Ena ochepa anachita maphunziro a mphamvu za dzuwa ndi mphepo ku Mzuzu University, ndipo amenewa kawirikawiri amapezeka m'makampani ndi m'mabungwe, kapena pa minda ikuluikulu ya sola monga wa mamegawati 60 wa ku Salima ndi wa mamegawati 20 wa ku Golomoti. Ena anabwera ndi luso kuchokera ku Joni, kumene kuthimathima kwa magetsi kwa 2022 ndi 2023 kunakweza sola pamadenga ambirimbiri. Koma ambiri amene mungakumane nawo pa njinga ya kabaza atapachika chikwama cha zida kumsana anayamba ndi kunyamula makwerero a mmisiri wina. Ndaona kuti pa nkhani ya netiweki, amene amafulumira kugwira nkhani ndi anyamata amene kale ankakonza mafoni kumsika kapena kuika madishi a kanema. Anazolowera kusaka chinthu chosaoneka ndi maso.

Tinafika kunyumba kuja dzuwa lili pamutu. Mayiwo anatilandira ndi nkhope ya munthu amene mwana wake wamuimbira kasanu. Mnzanga anavula kapusi, anawapatsa moni, anafunsa za kunyumba, kenako anapempha kuti aone makinawo. Inveta inali m'kachipinda kosungiramo katundu kuseri kwa khitchini, pakhoma, batire lili pansi pake. Chikwama cha zida sanachitsegule n'komwe. Ananjuta n'kusuzumira kunsi kwa inveta, kumene kunali kachipangizo kakang'ono kokwana m'dzanja, kamene amisiri amakatcha dongle. Ndi kameneka kamene kamatenga manambala a inveta n'kuwatumiza pa Wi-Fi mphindi zisanu zilizonse. Kanali ndi tinyale titatu, tolembedwa NET, COM ndi READY.

"Taonani apa," anandiuza. Ka COM kankayaka mosaphethira, kusonyeza kuti dongle ndi inveta zikumvana. Ka NET kanali kothima. "Ndiye kuti kudenga kulibe mlandu, batire lilibe mlandu. Nkhani ili pakati pa kachipangizoka ndi rauta."

Apa m'pamene pali luso la ntchitoyi, ndipo ndi luso la kufunsa. Mmisiri wopupuluma amazula dongle, amazimitsa inveta, amafufuta zonse n'kuyambira poyamba, ndipo nthawi zina amaononga zimene zinali bwino. Wodziwa amayamba ndi mafunso amene angaoneke ngati achibwana. Kodi bandulo ilimo? Kodi rauta ikuyaka magetsi a ESCOM akathima? M'nyumba zambiri si masoketi onse amene amadutsa ku inveta, choncho rauta ikakhala pa soketi ya ESCOM yokha, imafa pa nthawi yeniyeni imene mwini wake akufuna kuona mmene batire likugwirira ntchito. Kodi Wi-Fi ya pakhomo pano ndi rauta yokhazikika, kapena ndi ka MiFi ka Airtel kapena TNM kamene mwana amapita nako kukoleji m'mawa uliwonse? Akuluakulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo pa ntchito iyi nkhonoyo imabisala m'zinthu zazing'ono zotere.

Mayiwo anayankha mafunso onse mpaka anafika pa lomaliza. "Mayi, kodi pali chimene chasintha pa intaneti sabata ino?" Anayamba akana, kenako anaitana mdzukulu wawo, mtsikana wa Fomu 3. Iye anafotokoza mwamanyazi kuti bandulo inkatha msanga, anakayikira anyamata a nyumba yoyandikana nayo, ndiye anasintha pasiwedi. Mafoni onse a m'nyumbamo anawalowetsa yatsopanoyo. Za kachipangizo ka kuseri kwa khitchini palibe amene anamuuzapo.

"Wachita bwino kusintha, chemwali," mnzanga anatero. "Bwera uone, kuti tsiku lina udzakonze wekha."

Anamuonetsa pafoni yake mmene dongle imaulutsira Wi-Fi yakeyake, ya dzina loyamba ndi AP kenako manambala olembedwa pathupi pake. Analowa mmenemo, analemba 10.10.100.254 pamalo olemba adiresi, ndipo tsamba losavuta linatseguka, loonetsa mayina a Wi-Fi onse amene kachipangizoko kakuwamva. Dzina la rauta ya m'nyumbamo linalipo, koma mphamvu yake inali yochepa. Rautayo inali pabalaza, kuseri kwa makoma atatu a njerwa zootcha, ndipo pakati pake panali filiji ndi chitseko chachitsulo. Mtsikanayo analemba yekha pasiwedi yatsopano. Kenako awiriwo anaichotsa rauta pansi pa shelefu ya TV n'kuiika pamwamba, pafupi ndi khomo la m'kanjira.

Tili kudikira, mnzanga anandifotokozera za vuto limene limazunguza amisiri ambiri atsopano. Wi-Fi imayenda m'njira ziwiri, ya 2.4 GHz ndi ya 5 GHz. Ya 5 imathamanga koma sipita patali; ya 2.4 ndi yochedwerapo koma imaboola makoma bwino. Pafupifupi madongle onse a inveta amamva ya 2.4 yokha. Marauta atsopano, kuphatikizapo a Starlink amene anayamba kugwira ntchito m'dziko muno mu 2023, amaphatikiza njira ziwirizi pa dzina limodzi, ndipo dongle ina imasokonezeka nazo. Munthu amagula intaneti yabwino koposa, foni ndi laputopu zikuuluka, koma inveta yakhala chete. Mankhwala ake ndi kulowa m'rauta n'kuzilekanitsa njirazo, iliyonse ikhale ndi dzina lake. Ndi ntchito ya mphindi khumi kwa amene akudziwa, ndipo ndi ya masiku awiri kwa amene sanauzidwepo.

Komabe vuto la Wi-Fi silithimitsa nyumba. Lili ndi mbale wake amene amathimitsa, ndipo amisiri amamuopa kwambiri. Batire la lithium la m'nyumba, la mavoti 51.2, lili ndi maselo 16 ndi kabongo kake kotchedwa BMS, kamene kamauza inveta kuti ladzaza kufika pati, latentha bwanji, ndi kuti lingalandire mphamvu yochuluka motani. Uthengawu umayenda m'chingwe chooneka ngati cha intaneti, cha timawaya 8 m'kati, ndipo msampha uli pomwepo. Kunja zingwe zonse zimafanana, koma makampani sagwirizana kuti uthenga uziyenda pa kawaya kati. Pa mabatire ambiri umayenda pa ka nambala 4 ndi 5, pamene Victron amagwiritsa ntchito 7 ndi 8, choncho pamafunika chingwe chopangidwira zimenezo. Ukalakwitsa, inveta imalira n'kulemba kuti batire silikuliona, ngakhale lili pansi pake pomwepo. Mmisiri wotopa amaiuza inveta kuti isiye kufunsa batire, izingoyerekeza poona mavoti. Magetsi amayakadi, mwini nyumba amalipira, koma mavoti a batire la mtundu uwu sasintha kwenikweni kaya lili pa 30 kaya pa 80 peresenti. Inveta imayenda mwakhungu, ndipo tsiku lina usiku nyumba imangoti bii, foni ikunena kuti moto ukadalipo. Njira yachidule imeneyi ndimaiona ngati kulakwira munthu amene wagulitsa ziweto kapena kutenga ngongole kuti agule batirelo. Mmisiri wabwino amatsegula kabuku ka makina onse awiri, amadula chingwe, n'kupanga mutu watsopano ndi manja ake.

Nyengo nayo imabweretsa zake. M'dzinja mphenzi imaotcha timabowo ta uthengati ngakhale makina ena onse apulumuke. Mu Okutobala kachipinda kopanda zenera, ka denga la malata, kamasanduka ng'anjo. Mphemvu ndi nyerere zimakonda kufunda kwa m'kati mwa inveta.

Chimene chimandipweteka ndi malipiro. Munthu akakwera padenga, kunyamula mapanelo, kuboola khoma, aliyense amaona thukuta ndipo sakangana pa mtengo. Koma akakhala pampando kwa ola limodzi akudinadina foni, ambiri amati sanagwire ntchito. "Si munaika ndinu? Ndiye tilipirenso chiyani?" Mmisiri wachoka ku Kawale kupita ku Area 49, wakwera maminibasi awiri, wasiya ntchito ina, ndipo vutolo si lake. Ena amangolandira ya thiransipoti. Komanso dongle ikapsa, ina imachokera kunja, ndipo kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023 mitengo ya zipangizo zonsezi inalumpha, pamene ya manja a mmisiri inatsalira m'mbuyo. N'chifukwa chake ena safuna n'komwe kuiika dongle. Amaisiya m'katoni, kuopa mafoni a usiku.

Amisiri nawonso ali ndi mlandu wawo umene sindingaubise. Pa tsiku loika makina, ambiri amatsegula akaunti ya pa app ndi imelo yawoyawo chifukwa n'kofulumira, ndipo mwini nyumba amangopatsidwa chithunzi choti aziona. Nambala ya dongle imamangirizidwa ku akaunti imeneyo. Mmisiri uja akasamuka, akasintha nambala ya foni kapena akayambana ndi kasitomala, wobwera pambuyo pake amapeza chitseko chotseka, ndipo kuti achitsegule ayenera kulembera kampani kunja, kutumiza zithunzi ndi kudikira. Pa makina ena, amene ali ndi akauntiyo angathe kusintha kayendedwe ka inveta ali kutali. Makiyi a nyumba ayenera kukhala ndi mwini nyumba, ndipo akaunti imeneyi ndi kiyi. Bungwe la MERA limapereka ziphaso kwa oika magetsi, ndipo n'koyenera kufunsa chiphasocho musanalole munthu kukwera padenga panu. Ndikanakonda kuti masukulu a ntchito zamanja aziphunzitsanso za rauta, za zingwe za BMS ndi za chilungamo pa akaunti monga mmene amaphunzitsira za kukula kwa waya. Pakali pano anyamata ndi atsikana a ntchitoyi amaphunzitsana okha, m'magulu a pa WhatsApp, wina akatumiza chithunzi cha nambala ya vuto imene yalembedwa pa inveta ndipo anzake anayi amuyankha.

Ka NET kanayamba kuphethira, kenako kanayaka mosalekeza. Tinadikirabe mpaka mphindi zisanu zitakwana. Mnzanga anapempha pepala, analemba dzina la akaunti, nambala ya dongle, ndi njira zinayi zimene mtsikana uja anali atangozichita, n'kulipereka kwa agogo ake ndi manja awiri. "Mayi, ili mulisunge pamodzi ndi mapepala a nyumba." Asanamalize kulankhula, foni ya mayiwo inalira. Anali mwana wawo. Batire linali pa 94 peresenti, ndipo ankafuna kudziwa chifukwa chake mapanelo akupereka moto wochepa poyerekeza ndi mwezi watha. Mnzanga anatuluka panja, anaphimba maso ndi dzanja n'kuyang'ana kudenga, kumene fumbi la chilimwe linali litakuta magalasi onse. Anafunsa ngati pakhomopo pali makwerero ndi ndowa.