Mphasa sichiza mtima wofooka

M'midzi yambiri ya ku Angónia ndi Tsangano, munthu akangouzidwa kuchipatala kuti mtima wake ndi wofooka, abale amamuyalira mphasa pakhonde. Khasu amamulanda, kumsika amamuletsa, ngakhale kumapemphero amati asapite. Amatero chifukwa cha chikondi, koma kugona tsiku lonse kumangomufooketsa wodwalayo.

Mtima wofooka umagunda ndithu, koma umalephera kupopa magazi okwanira thupi lonse. Kawirikawiri vutoli limadza chifukwa cha kuthamanga kwa magazi kosathandizidwa, kapena zilonda zapakhosi za paubwana zimene zinaononga timakomo ta mumtima. Amayi ena limawayamba atangobereka. Wodwala amachita befu, miyendo imatupa, ndipo akagona chagada amabanika.

Kale madokotala nawonso ankati wodwala wotere azingogona. Lero anasintha malangizo. Anapeza kuti minofu ya m'miyendo ikangokhala imafota, ndiye munthu amatopa ngakhale popita kuchimbudzi. Amene amayenda tsiku ndi tsiku amapezako mphamvu, befu limachepa, ndipo sagonekedwa m'chipatala pafupipafupi.

Komatu fulumira anadya gaga. Wodwala ayambe wafunsa a zaumoyo ngati wafika poti angayende. Akamulola, ayambe ndi mphindi 5 kapena 10 pamalo athyathyathya, osati pachitunda, ndipo apewe dzuwa la masana. Sabata iliyonse aonjezereko pang'ono mpaka mphindi 30, masiku asanu pa sabata. Aziyenda ndi mnzake akucheza. Ngati akulephera kumaliza mawu chifukwa cha befu, ndiye kuti wafulumira, achepetse. Kusesa pabwalo ndi kutong'ola chimanga ndi ntchito zomuyenera. Thumba la feteleza la makilogalamu 50 ndi ndowa ya malita 20 asiyire achinyamata.

Akamva kupweteka pachifuwa, chizungulire kapena mtima kugunda mosalongosoka, aime pomwepo ndipo amutengere kuchipatala. Tsiku limene miyendo yatupa kuposa kale, kapena wagona usiku atakhala tsonga chifukwa chobanika, asayende ayi, akaonane ndi a zaumoyo.

Kuyenda sikulowa m'malo mwa mankhwala. Mapiritsi azimwa monga anauzidwira, ndipo mchere m'ndiwo uchepe. Ntchito ya abale ndi kupinda mphasa ija m'mawa, kumupatsa ndodo, ndi kumuperekeza mpaka pamtengo wa kumapeto kwa mudzi.