Tsiku la wophunzira wodzipereka pa chionetsero cha Dubai

Chionetsero cha Expo 2020, chimene Covid-19 anachichedwetsa chaka chathunthu, chinatsegulidwa ku Dubai pa 1 Okutobala 2021 n'kutsekedwa pa 31 Malichi 2022. Maiko 192 anaonetsa zakwawo. Komabe nkhope zimene alendo ankayamba kukumana nazo zinali za anthu odzipereka okwana 30,000, ena mwa iwo ophunzira ochokera maiko akunja.

Tsiku la wophunzira wotere linkayamba akangoswali Fajr. Sitima ya Metro inkamusiya pachipata penipeni. Kenaka ankatha maola ali chiimire, masiki ali kumaso, akulozera anthu njira ya ku Al Wasl, kuperekeza okalamba, kutonthoza mwana wosochera amene chilankhulo chake sachimva n'komwe. Malipiro panalibe. Lendi inkadikira ganyu wa kwina, ndipo mabuku ankatsegulidwa usiku, miyendo ikuphwanya. Makolo kumudzi, poona zithunzi za yunifolomu yowala, zimenezi sakanazidziwa.

Mu Januwale 2022 boma la United Arab Emirates linasintha masiku opuma: Lachisanu linakhala la ntchito mpaka masana, Jumu'ah nkuikidwa 1:15. Wophunzirayo anayenera kukonzanso ndondomeko yake yonse, chionetsero chili mkati.