Anamwino a m'misasa ya othawa nkhondo

Akuluakulu a ku Chiringa m'boma la Phalombe sanaiwale zaka zimene anthu a ku Mozambique ankatulukira m'tinjira ta m'malire, mitolo ili pamutu, ana kumbuyo, miyendo itatupa. Nkhondo ya Frelimo ndi Renamo inali itafika povuta m'chigawo cha Zambezia mu 1986, ndipo patapita zaka zochepa Malawi inali ikusunga othawa nkhondo okwana miliyoni imodzi. Nthawi imeneyo Phalombe inali mbali ya Mulanje, pakuti inakhala boma payokha mu 1998. Misasa inamangidwa ku Chiringa ndi ku Muloza.

Pamene pasonkhana khamu, matenda sachedwa. Anamwino a boma ndi a mishoni anachepa, choncho mabungwe akunja anayamba kutumiza anamwino odzipereka. Limodzi mwa mabungwewa ndi Médecins Sans Frontières, lomwe linakhazikitsidwa ku Paris mu 1971 ndipo linafika kuno mu 1986. Limasankha namwino amene wagwirapo kale ntchito m'chipatala, kumuphunzitsa za matenda a m'maiko otentha, kumulipirira ulendo, malo ogona ndi kandalama kochepa, kenaka kumutumiza kwa miyezi ingapo. Wina akamanyamuka, mnzake amakhala akufika.

Ntchito inkayamba tambala atangolira. Namwino ankamangirira sikelo panthambi ya mtengo, kupachikapo mwana, ndipo wonyentchera ankamulembera phala. Mwana aliyense wofika kumene ankabayidwa katemera wa chikuku. Kolera ikabuka, odwala ankagona pamabedi oboola pakati, chidebe chili pansi, dripi ikudontha usiku wonse, namwino akuwunika mtsempha ndi tochi.

Mu 1990 anamwino a m'misasa ya kum'mwera anadabwa kuona anthu akusupuka khungu m'khosi ndi m'manja ngati apsa ndi moto. Inali nthenda ya pelagra, yomwe inagwira anthu oposa 18,000 mtedza utasowa pa chakudya chomwe ankalandira. Nsima yokha sinali yokwanira m'thupi.

Komatu mlendo wa ku France sakanamva mayi wodandaula m'Chilomwe. Omwe ankamasulira, kuchiritsa amayi oyembekezera pakati pa usiku ndi kulondola odwala m'zisakasa anali anamwino ndi azamba a konkuno, pamodzi ndi othawa nkhondo ena omwe anaphunzitsidwa ntchito za umoyo. Odwala kwambiri m'dera la Phalombe ankadalira chipatala cha mishoni cha Holy Family.

Mgwirizano wa mtendere utasainidwa ku Rome pa 4 Okotobala 1992, anthu anayamba kubwerera kwawo ndipo misasa inatsekedwa. Alendo ananyamuka, a kwathu anatsala pantchito. Lero sukulu ya unamwino ndi uzamba ya Holy Family ikuphunzitsabe achinyamata, ndipo namondwe wa Freddy atagwetsa matope ndi miyala m'midzi ya Phalombe mu Malichi 2023, anamwino a m'bomali anathamangira m'misasa yomwe anthu anathawirako.