Chenjerani ndi 'ndalama ija mutumize pa nambala iyi'

Mvula ikagwa mu Disembala, mapiri a ku Thyolo amabiriwira ndipo ntchito yothyola tiyi imafika pachimake mpaka cha mu Epulo. Iyi ndi nyengo yomwe maesiteti monga Satemwa, Conforzi, Naming'omba ndi Makandi amalemba anthu ambiri, ndipo ndalama zimayenda m'misika ya Bvumbwe, Luchenza ndi pa boma.

Wothyola tiyi amadziwa kuti kilogalamu iliyonse yomwe yakwera pa sikelo ndi thukuta lake, lomwe walikhetsa mvula ikumuthera pamsana. Koma masiku ano malipiro onsewo atha kupita m'mphindi zochepa, nyumba yosathyoledwa, munthu osachitidwa chipongwe panjira. Mwini wake amatumiza yekha ndi chala chake kwa munthu yemwe sadamuonepo.

Njira yotumizirana ndalama pafoni idafika m'dziko muno mu 2012 pomwe kampani ya Airtel idakhazikitsa Airtel Money, ndipo TNM idatsatira ndi Mpamba mu 2013. Njirayi idapeputsa moyo. Bambo wogwira ntchito pa esiteti safunikanso kukwera galimoto mpaka ku Thekerani kapena ku Masambanjati kuti akangosiya ndalama ya ndiwo. Koma komwe kwapita ndalama akathyali nawo amalondola. Mu 2023, bungwe loyang'anira ntchito za mauthenga la MACRA lidati Amalawi amaberedwa ndalama pafupifupi K120 miliyoni mwezi uliwonse kudzera m'chinyengo cha pafoni.

Uthenga wotchuka kwambiri ndi waufupi: "Ndalama ija mutumize pa nambala iyi, inayo ili ndi vuto." Mulibe dzina la wotumiza, mulibe dzina la wolandira, ngakhale kuchuluka kwa ndalamayo. Wakubayo sakumudziwa munthu yemwe akumulemberayo. Amangomwaza uthenga womwewo ku manambala ambirimbiri ngati woponya khoka m'nyanja, podziwa kuti pakati pa anthuwo sipalephera mmodzi yemwe amafunadi kutumiza ndalama tsiku limenelo, kaya ya fizi, ya lendi kapena ya banki m'khonde. Pa tsiku la malipiro anthu oterewa amachuluka, ndipo munthu yemwe ali pamzere kwa ejenti, mutu uli pa ngongole zitatu, sachedwa kuganiza kuti uthengawo wachokera kwa mwini nyumba.

Chinyengo china chimalasa pamtima penipeni pa mabanja a m'bomali, chifukwa ndi makomo ambiri omwe ali ndi mwana kapena mlamu ku Johannesburg, Durban kapena Cape Town. Uthenga umabwera wonena kuti katundu wochokera ku Joni wafika pachipata cha Mwanza, koma sangadutse pokhapokha patumizidwe ndalama ya msonkho. Posakhalitsa foni imalira, ndipo woimbayo amayankhula mwaulemu ngati munthu wozolowera ntchito yonyamula katundu.

Chofunika kuchiona ndi chakuti woimbayo satchula dzina la yemwe watumiza katunduyo. Amangoti "m'bale wanu uja", kenaka n'kudikira. Mayi, mtima uli m'mwamba, ndi omwe amafunsa okha ngati ndi mwana wawo wakutiwakuti, ndipo akangotero ampatsa wakubayo dzina lomwe adalibe. Kuchokera pamenepo nkhani yonse imayenda pa dzina limenelo, ndipo amawafulumizitsa kuti galimoto inyamuka posachedwa. Liwiro limeneli ndiye msampha, popeza akudziwa kuti mayiwo akapeza mpata woimbira mwana wawo pa nambala yomwe amaidziwa, bodza lonse liululika. Akuluakulu adati safunsa adadya phula.

Palinso uthenga wooneka ngati wochokera ku kampani, wonena kuti mwalandira ndalama. Kenaka wina amaimba, mwina akulira, kuti walakwitsa nambala, ndalamayo inali ya wodwala, chonde mubweze. Anthu achifundo ndi omwe amagwa msanga apa. Uthenga weniweni umabwera ndi dzina la kampani pamwamba, pomwe wabodza kawirikawiri umachokera pa nambala wamba yoyamba ndi 099, 098 kapena 088. Koma umboni wodalirika ndi kuyang'ana ndalama zomwe zili mu akaunti, poimba *211# pa Airtel Money kapena *444# pa Mpamba. Ngati sizidaonjezekere, ndiye kuti palibe chomwe chalowa, ndi malemba chabe. Ngati zalowadi molakwika, wotumizayo auzidwe kuti akadandaule ku kampani, yomwe ili ndi njira yake yobwezera.

Za mphoto nazo sizikutha. Wina amauzidwa kuti wapata galimoto kapena mamiliyoni mu mpikisano womwe sadalowe nawo n'komwe, koma ayambe walipira kaye kangachepe. Wina amalonjezedwa ntchito ya ukalaliki kapena ulonda pa esiteti akatumiza ya fomu. Enanso amauzidwa kuti dzina lawo latuluka pa Mtukula Pakhomo, chikhalirecho maina a opindula ndi ndondomekoyi amadzera ku khonsolo ya boma ndi makomiti a m'midzi, ndipo kulembedwa kwake n'kwaulere. Wofuna ntchito apite yekha ku ofesi ya esiteti akamve ndi makutu ake.

Pa zonsezi chuma chenicheni ndi nambala yachinsinsi. Wogwira ntchito ku kampani ya mafoni alibe chifukwa choifunsira, ngakhale woimbayo aopseze kuti nambala itsekedwa lero lomwe. Chodandaulitsa n'chakuti anthu ambiri amaiulula okha popanda wowaopseza. Agogo amapereka foni kwa ejenti n'kutchula nambalayo mokweza anthu ali pamzere. Ena amasankha chaka chawo chobadwa, chomwe chidalembedwa poyera pa chiphaso cha unzika chomwe amachionetsa paliponse. Wosadziwa kuwerenga ndi bwino akhale ndi munthu mmodzi yekha wa m'banja womuthandiza, osati aliyense yemwe wapezeka pafupi.

Chiphasocho nachonso chili ndi nkhani yake. Amalawi adalembetsa ziphaso za unzika mu 2017, ndipo mu 2018 MACRA idalamula kuti simukhadi iliyonse ilembetsedwe m'dzina la mwini wake. Cholinga chidali chakuti wakuba azipezeka mosavuta. Akathyali adapeza njira yozembera: amagwiritsa ntchito masimukhadi olembetsedwa ndi ziphaso za anthu ena. Mnyamata yemwe wabwereketsa chiphaso chake pamsika kuti apatsidwe ya sopo adziwe kuti nambala imeneyo ikaba, dzina lomwe apolisi adzalipeze ndi lake.

Apolisi akhala akunena kuti ena mwa mauthengawa amachokera m'ndende ya Zomba, komwe mafoni amalowa mozemba. Choncho "bwana wa ku likulu la kampani" yemwe akuyankhula Chingerezi chosalala pafoniyo atha kukhala mkaidi yemwe ali ndi tsiku lonse loyesera nambala imodzi ndi imodzi.

Ambiri omwe aberedwa amangokhala chete chifukwa cha manyazi. Bambo amaopa kuuza mkazi wake kuti malipiro apita, mayi amaopa kusekedwa ndi anzake kumunda, ndipo nambala yomweyo imapitiriza kubera ena m'makomboni momwemo. Ndalama zobedwa sizikhalitsa pa nambala imodzi, amazisamutsa kapena kuzitapa msanga, kotero woberedwa adziwitse kampani ya foni nthawi yomweyo, kenaka akanene kupolisi ya Thyolo, Luchenza kapena Bvumbwe. Uthenga wachinyengowo asaufufute chifukwa cha mkwiyo. Apolisi adzafuna kuona nambala yomwe idautumiza, tsiku ndi nthawi yake, komanso uthenga wa kampani wotsimikiza komwe ndalamazo zidapita.