Vidiyo Yotuwa Siinawonongeke

Mnyamata wina wojambula maukwati ku Chifunde anandifunsa chifukwa chake vidiyo ya Gule Wamkulu yomwe anajambula ndi kamera ya Sony inatuluka yotuwa mbuu. Nanenso poyamba zimenezi zinkandizunguza mutu.

Chifukwa chake n'chakuti kamera ya Sony ikamajambula mu S-Log3, imodzi mwa njira zake zojambulira, imazimiritsa mitundu dala kuti isunge zonse, kuyambira fumbi lowala padzuwa mpaka oimba ng'oma amene ali mumthunzi. Chobwezeretsa mitunduyo ndi LUT, mndandanda wouza kompyuta kuti mtundu uwu usanduke uwu. Zili ngati osintha ndalama pachipata cha m'malire cha Cassacatiza: metikali ili ndi mtengo wake mu kwacha ya Zambia, ndipo wowerengera ndi kwacha ya Malawi amaluza. Mukaika LUT ya Canon pa vidiyo ya Sony, khungu la anthu limasintha, nthenga za gule nazo zimataya maonekedwe ake.

Mu pulogalamu yokonzera vidiyo monga DaVinci Resolve kapena Premiere Pro, konzani kuwala kaye, LUT isanagwire ntchito. Kenako sankhani LUT yosinthira S-Log3 kupita ku Rec.709, muyezo wa wailesi yakanema. Anzanga ojambula, dziwani kamera yanu musanakope LUT iliyonse pa intaneti.